Mbale ya Madontho Awiri

Ndinadzuka kusanache, tambala woyamba atangolira. Kunena kuti ndinadzuka n'kungonena chabe, chifukwa ndinangotsamira khoma n'kutseka maso pang'ono. Mipando yonse tinali titaitulutsa panja, ndipo azimayi anagona pamphasa kuzungulira bokosi, ena atafunda zitenje mpaka kumutu, ena akuodzera chokhala. Nyimbo zomwe zinachezera usiku wonse zinali zitatsala pakamwa pa anthu awiri atatu, mawu atasasa. Kunkazizira zedi. Amene anakhalako ku Bolero mwezi wa Julaye akuidziwa mphepo yotsika ku Nyika ija, yolowera pansi pa chitseko osaodira.

M'bokosimo munali amayi anga. Kwawo kunali ku Dedza. Boma linawatumiza kuno kudzaphunzitsa ine ndili kumsana, ndipo sanabwererenso. Bambo atamwalira, abale anawaitana kuti akapumire kumudzi, koma iwo anangoti, "Nanga mnzanga ndimusiyira yani?" Mnzawoyo ndi a NyaMhango, a nyumba yoyandikana ndi yathu, kuseri kwa mpanda wa nkhadze.

A NyaMhango anali pomwe ndinawasiya madzulo, kumutu kwa bokosi, msana uli chilili, manja pamiyendo. Kapu ya tiyi yomwe ndinawaikira inali pambali pawo yodzaza, itayala kakhungu pamwamba. Chimwalirire amayi dzana lake, mayiwa anali asanaike kanthu kukamwa. Ine ndine namwino pachipatala chaching'ono cha kwathu kuno, ndipo ndi ine ndimawapatsa mankhwala a shuga. Ndikudziwa chomwe chimamuchitikira munthu wa msinkhu wawo, wa matenda awo, akamagona ndi njala. Mankhwalawo ndinali nditawabisa m'thumba mwanga, chifukwa kumwa opanda chakudya m'mimba kukanawagwetsa msanga. Mantha anga m'mawa umenewo sanali pa amene anagona m'bokosi, iwo anali atapuma. Ndinkaopa kuti tisanaphwasule tenti tikhala tikukumbanso manda ena.

Ndinagwada pambali pawo n'kuwanong'oneza kuti amwe phala, ngakhale masipuni ochepa.

"Yayi, Malita," anatero. "Pakhosi patseka."

Panja moto unali mbali ziwiri. Kumaso kwa nyumba azibambo anaunjikana pachitsa chomwe chinayaka usiku wonse, atavala majasi ndi zipewa zaubweya, akukamba motsitsa za mitengo ya fodya. Kuseri azimayi a m'mudzi anali atandandalika mafuwa, miphika ikuluikulu ya kutchalitchi ili pamoto, nyemba zikubwata kale, ena akuduladula kabichi m'mabeseni, ena akutsuka matumbo a mbuzi. Nditati ndigwireko mpeni, mayi wina wamfupi anandikankha ndi chigongono. Wofedwa sagwira ntchito pamaliro ake, amakhala pansi n'kumalira. Ndinamvera, ngakhale manja ankandiyabwa.

Pansi pa mtengo wa mango panaunjikidwa mbale za mudzi wonse. Kuno maliro akagwa, nyumba iliyonse imatumiza mbale ndi makapu, ndipo iliyonse imakhala ndi chizindikiro kunsi kwake, wina kadontho ka penti, wina kamtanda kokanda ndi msomali. Popanda zimenezo anthu akhoza kudana, chifukwa mbale za pamaliro zimasochera kuposa mbuzi.

Ndinalowa m'khitchini ya amayi kukatenga shuga wa tiyi wa azibambo. Maso anga anapita okha pashelefu yapamwamba, ndipo mbale ija panalibe. Wina anali ataikokera limodzi ndi zinzake kumulu wa pansi pa mango.

Ndi mbale yachitsulo yoyera, ya mkombero wobiriwira, yosupuka mbali imodzi, ndi chivundikiro chake. Ndinakula ndikuiona ikudutsa pampata wa mpanda wa nkhadze, lero kupita, mawa kubwera, mpaka mapazi a anthu awiriwa anakumba kanjira pamenepo. Lamulo lake linali limodzi, siibwerera yopanda kanthu. Kuchokera kwa a NyaMhango inkabwera ndi mbalagha, nthochi zosapsa zophika ndi nyama, kapena bowa wa m'dzinja, kapena chinaka cha timizu ta m'tchire chodula mapisi, chomwe amayi ankati tizingodya osafunsa komwe chinakumbidwa. Kuchokera kwathu inkapita ndi futali, chipere, chigumu cha nthochi, ndi mfutso wotendera umene a NyaMhango ankaukonda kuposa nyama. Ndiwo zikachepa, inkapita ngakhale ndi tomato awiri, bola isapite chabe.

Ankanyozana ngati ana. Amayi ankati sanaone mtundu wa anthu wophika nthochi n'kumati tadya. A NyaMhango ankabweza kuti wodya mbewa asamalankhule pagulu. Chaka china amayi pochokera ku Dedza anabwera ndi mbewa imodzi youma, n'kuiika bwinobwino m'mbale muja, n'kuvundikira, n'kundituma. Mfuu womwe unamveka kuseri kwa mpanda unathamangitsa nkhuku zonse. Tsiku limenelo sanalankhulane mpaka dzuwa kulowa, koma m'mawa mwake mbale inabwera yodzaza chinaka, akuti chotsukira tsoka. Ngakhale mwini wake wa mbaleyo sankadziwika. Amayi anaidontheza penti ya buluu kunsi kuti ndi yawo, a NyaMhango ataona anadonthezapo yofiira pambali pake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ulendo wake womaliza inabwera kwathu amayi atagona kale pamphasa. Munali mbalagha yofewa. Amayi anadya pang'ono, n'kuloza chikwatu cha mfutso chopachika pamwamba pa moto, n'kuuza mnzawo kuti akangodzuka amuphikira umenewo. Sanadzuke, ndipo mbale inatsakamira mbali yathu.

Dzuwa linatuluka lofooka, mitambo itakuta mapiri. Anthu anayamba kufika, oyenda pansi poyamba, kenako njinga zomwe zinatsamiritsidwa kumpanda mpaka malo kusowa. Pikapu ya ku Katowo inatsitsa anthu otuwa ndi fumbi kuyambira kumutu. Kunabwera asilikali a nyama zakutchire ochokera ku Thazima, atavala yunifomu, zipewa zili m'manja. Awiri mwa iwo amayi anawaphunzitsa kuwerenga. Kunabwera amuna a imvi omwe ankangoti "aphunzitsi athu," ine n'kumadabwa kuti anthu okalamba chotere anakhalapo pansi m'kalasi mwa amayi. Azimayi anavala zitenje za zipani zonse, zachikasu, zabuluu, zobiriwira, nkhope za anthu odana zitakhala pamphasa imodzi mwamtendere.

Lole ya abale a ku Dedza inafika dzuwa litakwera pang'ono, itayenda usiku wonse. Anayambira kumsewu kulira. Patsogolo panali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, manja ali kumutu, akufunsa achemwali awo kuti anasankhiranji kugona kutali chotere. Kulira kwawo kunadzutsa kwathu, nyumba yonse inabuma. A NyaMhango okha sanatulutse mawu. Milomo yawo inali itauma, itachita mamba.

Amayi aang'ono ndi munthu wosakhala pansi. Atangopukuta misozi anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kulongosola zinthu, uyu akhale apa, madzi apite uko. Nditawauza za a NyaMhango anatenga okha phala n'kukawagwadira, koma anabwerera nalo. Akazi a abusa anayesa, mpongozi wa a NyaMhango anayesanso, osatheka. Ine ndinasungunula shuga m'madzi, iwo anangonyowetsa milomo n'kundibwezera kapu. Ndinakwiya, ndisaname. Kuchipatala odwala amandiopa, ndikati imwani amamwa, koma apa ndinali mwana amene mayi ameneyu anamusambitsapo m'beseni.

Mwambo unayamba chakumasana, bokosi litatulutsidwa pabwalo. Azimayi a mpingo ovala zoyera ndi zakuda anaimba nyimbo za Chitumbuka, kenako imodzi ya Chichewa chifukwa cha alendo, ndipo inayo ndi imene inandiliza, poti amayi ankaiimba akamatsuka mbale. Amalume a ku Dedza analankhula m'malo mwa banja, kuthokoza eni mudzi posunga mlongo wawo. Bambo wina amene ankafuna kudzaima pachisankho, yemwe anabwera ndi thumba la shuga, anapatsidwa mpata woti apepese, koma anayamba za milatho ndi misewu mpaka mkulu wa mpingo anamukoka jekete. Pamene abusa ankalalikira ndinaiona mbale ija patali, ili m'dengu pamutu pa mayi wina wopititsa chakudya kwa okumba manda. Mtima unandipweteka, koma ndikanatani pakati pa ulaliki?

Tinanyamuka mphepo itakula. Amuna ankalandirana bokosi pamapewa, azimayi tikutsatira ndi nyimbo, njira yodutsa m'minda ya fodya momwe munangotsala ziputu. Kunayamba kamvula kamawawa, kosanyowetsa kwenikweni koma kozizira mpaka m'mafupa. Mwini pikapu anadzipereka kunyamula okalamba. A NyaMhango anakana, anati mnzawo sanamuperekezepo pagalimoto. Ndinawagwira mkono njira yonse, ndipo unali wopepuka ngati phesi. Ankapunthwa pamalo opanda mwala, thukuta lili pamphumi kunja kukuzizira chonchija. Ndinkadziwa tanthauzo la thukuta limenelo, ndipo ndinkapemphera kuti tingofika.

Malo a manda anapereka ndi abale a malemu amuna awo a NyaMhango, pakati pa anthu awo, ngati amayi anali mwana wa pamudzipo. Bokosi litatsika, dothi litabwezedwa, anayamba kuitana oika nkhata. Ndinaika yanga, amalume ndi amayi aang'ono anaika zawo. Ataitana a NyaMhango, ndinapita nawo. Anawerama kuti aike nkhata, mawondo n'kuwakana, anagwada pamtumbira pomwepo. Ndi ine ndekha ndinamva zomwe ananena, poti ndinali nditawagwira m'khwapa.

"Wandinamiza, munyane, mnzanga iwe. Unati udzuka undiphikire."

Pobwerera sanakanenso pikapu, analibe mphamvu zokanira.

Kunyumba tinasamba m'manja pabeseni la pachipata, anthu anakhala m'magulumagulu n'kudya. Kenako bwalo linayamba kuphwa. Njinga zinachoka pampanda imodziimodzi, pikapu ya ku Katowo inaliza hutala, a ku Thazima anadzatsanzika. A NyaMhango tinawakhazika pakhonde atatsamira chipilala, chakudya chili patsogolo pawo chosakhudzidwa. Ndinali nditaganiza kale kuti kukada ndiwanyamula, afune asafune, ndikawaike diripi.

Azimayi anatsuka mbale zonse n'kuziyala paudzu, ndipo amayi aang'ono, monga mwa khalidwe lawo, anatenga udindo wogawa. Ankatembenuza mbale, kuonetsa chizindikiro, mwini wake n'kulandira. Ntchito inkayenda bwino mpaka ananyamula ija ya mkombero wobiriwira.

"Nanga iyi ya madontho awiri ndi ya yani?"

Azimayi a m'mudzi anayang'ana pansi. Onse ankaidziwa. Yankho linachokera pakhonde, mawu ang'onoang'ono.

"Ndi yanga. Bweretsani ndizipita nayo, zatha."

Amayi aang'ono analibe kulakwa. Kwa iwo kubweza chiwiya cha mwini chotsuka bwino ndiwo ulemu. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, anaivundikira, n'kuyamba kupita nayo kukhonde, a NyaMhango atatambasula manja onse awiri. Ine ndinaona mbale ija ikupita yopanda kanthu koyamba chibadwire changa, ndipo ndinadziwa kuti ikangodutsa pampanda choncho, mayi ameneyu sadzadyanso. Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji mabeseni aja. Ndinangopezeka ndaitsomphola m'manja mwa amayi aang'ono.

"Iwe Malita, wapenga? Eni ake akuifuna!"

"Siinathe ntchito," ndinatero, n'kulowa nayo m'khitchini.

Mayi wamfupi uja ananditsatira kudzandiletsa kuyatsa moto, koma wina wachikulire anamugwira dzanja pakhomo n'kumuuza kuti andisiye. Ndinakwera pampando n'kutsitsa chikwatu. Chinali chakuda ndi mwaye, masamba a msuku atakulungidwa bwino, luzi litamangidwa mfundo zolimba zija za amayi zomwe zinkandithyola zikhadabo ndili mwana. Nditamasula, fungo la chitambe chouma linadzaza khitchini. Amayi anathyola okha masamba amenewo, anafutsa okha, anayanika okha pamphasa akuingitsa nkhuku. Kumanda ndinalira monga amalirira anthu, koma apa ndinalira ngati mwana wotayika pamsika.

Vuto linali lakuti ine kuphika si mbali yanga. Amayi ankati manja anga Mulungu anawapangira jakisoni. Ndinali nditaima ndi mfutso m'manja, osadziwa choyamba, pamene amayi aang'ono analowa atakwinya nkhope kuti adzandikalipire. Anaona chikwatu, n'kugwira luzi lija. Anati mfundo imeneyo anawaphunzitsa ndi mayi awo, onse awiri tsiku limodzi. Ndinawafotokozera za mbale mwachidule. Anangokoka mtondo n'kufunsa komwe achemwali awo ankasunga mtedza.

Anasinja iwo, kuphika anandisiyira ine, koma pakamwa sanatseke. Viika kaye, madzi achuluka, tomato sathira nthawi ino, takasa pansi pangapserere, kodi kusukulu ya unamwino ankakuphunzitsani chiyani? Nsinjiro zitalowa, mphika unayamba kunena phwathaphwatha monga unkachitira masiku onse. Ndinaphikanso kansima kamgaiwa ka munthu mmodzi.

Potuluka ndinapeza a NyaMhango atapita kwawo, mpongozi wawo atawagwirira. Ndinadutsa pampata wa nkhadze, mapazi anga m'kanjira ka amayi, mbale yotentha ili m'manja. Ndinaodira. Anali atagona pamphasa m'chipinda chochezera, nkhope kukhoma, nsapato zakumanda zili kumapazi. Ndinagwada, ndinaika mbale pafupi ndi mutu wawo, n'kuvundukula. Sindinawachonderere, ndinali nditatopa nako.

Anakhala kanthawi osatembenuka. Kenako ndinaona mphuno ikugwedera. Anadzuka pang'onopang'ono, anayang'ana mbale, anayang'ana ine.

"Wa m'chikwatu chija?"

"Womwewo, amama. Anati akuphikirani. Angochedwa."

Anaitanitsa madzi osamba m'manja. Mpongozi wawo anathamanga mpaka kugunda chitseko. Anatema kambamu kakang'ono, anasunsa, anaika m'kamwa, n'kutafuna nthawi yaitali maso ali chitsekere.

"Mchere wachepa," anatero. "Nsinjiro wachulutsa chomene. Zaka zonsezi amayi ako ankaphika iwe ukuyang'ana kuti?"

Anatemanso mbamu ina, yokulirapo. Misozi yomwe anaikaniza chimwalirire mnzawo inayamba kutsika, kudutsa m'makwinya mpaka kuchibwano, koma dzanja silinaime. Ankalira akudya, akudandaula kuti Achewa ndi anthu osakhulupirika, amachoka osatsanzika. Ine ndinkaseka ndikulira, mpongozi wawo chimodzimodzi. Anamaliza zonse, mpaka kukombeza ndi chala m'mbali mosupuka muja. Anamwa madzi, anamwa tiyi wothira shuga, thukuta lija linauma. Ndinawauza kuti mankhwala tiyambiranso m'mawa, ndipo sanatsutse.

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge mbale ndikatsuke. Anandimenya kakhofi pamsana pa dzanja.

"Siya! Ukufuna ipite yopanda kanthu? Unakulira kuti iwe?"

Anaikokera kumbuyo kwawo ngati ndiwalanda.

Ndinabwerera kwathu dzuwa likulowa. Bwalo linali litasesedwa, pomwe panali moto patangotsala phulusa ndi mafuwa akuda. Abale a ku Dedza anagona msanga ndi kutopa kwa ulendo, amuna m'tenti, akazi m'chipinda chochezera momwe munali bokosi. M'nyumba munali zii. Magalasi a amayi anali pawindo pomwe anawasiya, patapata wawo ali pakhomo la kuchipinda, ndipo sindinafune kuti wina azisunthe. Ndinakhala pakhonde ndi amayi aang'ono, tonse titafunda bulangete limodzi.

Mphepo itatsika, tinamva kuseri kwa mpanda kamtondo kakulira. Kankagunda pang'ono n'kupuma, ngati wosinjayo akukoka mpweya, kenako n'kuyambanso. Kusinja kwa mpongozi ndimakudziwa, n'kwaliwiro. Uku kunali kwa munthu wokalamba.

"Ndani akusinja madzulo a maliro?" anafunsa amayi aang'ono.

"Mbale ikubwera mawa," ndinawayankha.

Anandigunda ndi chigongono.

"Ndiye wakhaliranji? Mkuja ndi iwe. Chipere umachidziwa?"

Ndinati ayi. Anapukusa mutu, anadzuka, ndipo tinalowa m'khitchini kukaviika nyemba.